Pepani, Tibwereze: Mbiri ya Bambo Athu, Owerenga Nkhani za Masana

Malemu bambo athu, amene tonse tabwera kudzawaperekeza lero, anabadwa pa 14 Juni 1965. Anali achitatu m'banja la ana asanu, ndipo mwa asanuwo atsala ndi azakhali athu okha, amene akhala pafupi ndi amayi apo. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mwana wawo wotsiriza. Sindinayankhulepo pamaso pa anthu ochuluka chonchi, choncho abusa, akuluakulu a mbali zonse ziwiri, anzawo a kuntchito ndi anansi athu, mawu anga akamatsika mundikhululukire. Achimwene anga ndiwo amayenera kuima pano, koma m'mawa uno atayesa kuwerenga ndime yoyamba analephera kuimaliza.

Agogo athu aamuna anali kalaliki wa ku positi. Maso awo atayamba kufooka, ankabwera ndi nyuzipepala poweruka n'kumupatsa mwana wawo wachitatuyo kuti awawerengere, iwo atatsinzina pampando. Mwanayo akalakwitsa liwu, agogo sankakalipa. Ankangogogoda patebulo ndi chala, ndipo iye ankadziwa kuti ayenera kuyambiranso chiganizo chonse, osati liwu lokhalo. Azakhali amati masiku ena chakudya chinkazizira m'mbale, banja lonse likudikira chiganizo chimodzi kuti chituluke bwino.

Malemu anayamba sukulu ya pulayimale mu 1972, ndipo mu 1980 anasankhidwa kupita kusekondale, kumene anamaliza mu 1984. Masamu sankawayendera. Iwo eni ankatiuza mosabisa kuti mayeso a masamu anawadutsa chokwawa. Koma pa zilankhulo ndi mbiri yakale panalibe wowaposa m'kalasi mwawo, ndipo aphunzitsi akafuna wowerenga zolengeza pa mzere wa m'mawa sankayang'ananso wina.

Mu Malichi 1985 analembedwa ntchito pawailesi imene anaigwirira moyo wawo wonse. Sanayambire pa maikolofoni ayi. Anayambira m'chipinda chosungira matepi, chopanda zenera, kumene ntchito yawo inali kulemba mayina pamabokosi ndi kupukuta fumbi. Poti anali okha m'menemo, ankawerenga mokweza zimene zinalembedwa pamabokosiwo, osadziwa kuti khoma ndi lopyapyala ndipo mkonzi wa nkhani amakhala kuseri kwake. Tsiku lina mu 1988 wowerenga nkhani za masana anasasa mawu ndi chimfine kutatsala mphindi khumi. Mkonzi uja anatsegula chitseko n'kunena kuti, "Iwe wowerengera mabokosi, tiye ukawerengere anthu." Analowa mu situdiyo fumbi lili m'manja, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani za masana zinakhala zawo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.

Mu 1989 wailesi inkalengeza mayina a amene anakhoza mayeso a uphunzitsi. Malemu anapotoza dzina limodzi, moti kwawo kwa mwini dzinalo anthu anagona ndi chisoni poganiza kuti mwana wawo walephera. M'mawa mwake mwini dzina anafika yekha pachipata cha wailesi, nauza mlonda kuti akufuna kuonana ndi chibambo chachitali chimene chamuphera dzina. Amene anatuluka anali kamnyamata kakafupi, kowonda, kovala juzi yothina. Amayi athu, poti mwini dzinayo anali iwo, amati anayang'ana kumbuyo kwake kuti mwina mwini mawu akubwera. Masana a tsiku lomwelo malemu asanayambe nkhani anati, "Pepani, tibwereze," ndipo anatchula dzinalo molondola. Amayi amanena kuti analitchula kawiri. Bambo anakana zimenezo mpaka kudwala kwawo, ati nthawi ya wailesi si yofunsirira mbeta. Anamanga banja pa 7 Seputembala 1991. Achimwene anabadwa mu 1992, achemwali mu 1996, ndipo ine ndinabwera mochedwa mu 2006, moti bambo ankanditcha nkhani yongotipeza kumene.

Ndinene pang'ono za kagwiridwe kawo ka ntchito, chifukwa zimene zikubwera kutsogoloku sizingamveke popanda zimenezi. Malemu ankafika kuntchito hafu seveni ngakhale kuti nkhani zawo zinali za twelofu. Ankakhala ndi pensulo kukhutu, ndipo pepala lililonse ankaliwerenga kaye chamumtima, kenako mokweza, akuika timizere pamalo opumira. Nambala ya anthu omwalira kapena ovulala sankaiwerenga asanaimbe foni malo awiri osiyana. Asanalowe mu situdiyo sankamwa madzi ozizira, ankangotenga tambula ya madzi ofunda n'kuiika kudzanja lamanja. Ndipo akalakwitsa dzina kapena nambala, sankalumphira kutsogolo ngati palibe chachitika. Ankaima, n'kunena mawu awo awiri aja, "Pepani, tibwereze," n'kuyambiranso chiganizocho. Kuseri kwa galasi la situdiyo kunkakhala mnzawo wa pamtima woyendetsa makina, amene tonse timawatcha a Mawaya. A Mawaya amati pa zaka zonsezo mawuwa anawamva mwina kamodzi pamwezi, ndipo omvera ankawakhulupirira malemu chifukwa cha mawu omwewo.

Kunyumbanso anali chimodzimodzi. Ukabwera ndi nkhani yoti uje wathawa ndi mkazi wa uje, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Wamva kwa ndani? Nanga wachiwiri ndani?" Amayi ankawayankha kuti, "Bambo a ana, pano ndi patebulo, si pa wailesi. Miseche ilibe mkonzi. Idyani." Sindinama kuti bambo sanalawepo mowa. Loweruka lina ankakhala pakhonde ndi a Mawaya, botolo limodzi aliyense, akukangana za mpira. Koma tsiku la ntchito, ngakhale usiku woti mawa kuli ntchito, sankaukhudza.

Mu 2012 achimwene anawagulira foni yokhala ndi intaneti. Ena akhala akunena kuti malemu ankadana ndi zinthu zatsopano, koma si zoona. Ankalemba uthenga ndi chala chimodzi, kuyambira ndi moni, kutsiriza ndi dzina lawo lonse ngati kalata, ife n'kumaseka. Ankasangalala kuti azakhali, amene panthawiyo ankagwira ntchito kunja, ankawamva pa intaneti tsiku lililonse. Ankasangalalanso kuti mlatho ukagumuka, munthu wodutsa pomwepo amatha kutumiza chithunzi nthawi yomweyo, pamene kale mtolankhani ankayenda tsiku lathunthu. Chimene chinkawadetsa nkhawa n'chakuti nkhani inayamba kufika kwa anthu isanadutse m'manja mwa aliyense wofunsa kuti wamva kwa ndani.

Mu 2016 kuntchito kunabwera abwana atsopano. Pakhoma la chipinda cha atolankhani, pamene panali wotchi yaikulu, anapachikapo kanema woonetsa chiwerengero cha anthu amene atsegula nkhani iliyonse pamasamba a mchezo. Wotchi ija anaisunthira pakona. Omvera anayamba kuimba foni n'kumanena kuti nkhani za masana n'zozizira, iwo anaziona kale pafoni m'mawa. Atolankhani achinyamata ankauzidwa kuti aponye kaye nkhani pa intaneti, zotsimikiza zibwera pambuyo. Malemu akapempha mphindi zisanu kuti aimbe foni yachiwiri, ankaoneka ngati ochedwetsa anzawo. Tsiku lina ndinawamva akuuza amayi kuti, "Kale tinkapikisana ndi wailesi inzathu. Pano tikupikisana ndi aliyense wokhala ndi chala."

Mu 2019 mu situdiyo munaikidwa makamera awiri kuti nkhani ziziwonekanso pa intaneti pamene zikuwerengedwa. Malemu anauzidwa kuti azivala jekete, aziyang'ana kamera osati pepala, ndiponso kuti aganizireko zodetsa imvi. Jekete anavala. Imvi anazisiya. Ankati munthu wa pa wailesi nkhope yake imakhala m'mutu mwa womvera, ndipo ambiri akhumudwa ngati mmene anakhumudwira amayi pachipata paja. Komabe anapirira, chifukwa kunali kutatsala zaka zochepa kuti apume pantchito mu Juni chaka chino.

Lachitatu pa 8 Meyi 2024 m'mawa, basi inagubuduzika pamsewu waukulu. Pofika naini koloko, pamasamba a mchezo panali patadzaza kuti anthu makumi anayi afa, ndipo zithunzi zina zimene zinkazungulira zinali za ngozi ya dziko lina. Malemu anaimba kupolisi ndi kuchipatala. Omwalira anali asanu ndi mmodzi. Anauza a Mawaya kuti mabanja ambiri akulira anthu amoyo, choncho nkhaniyo ikhale yoyamba. Anadandaulanso kuti mutu ukuwawawa kuyambira m'mawa, koma anakana kuti wina awawerengere.

Nthawi itakwana anapereka moni bwinobwino. Atafika pa mawu oti "asanu ndi mmodzi", lilime linalemera. Anaima n'kunena kuti, "Pepani, tibwereze." Anayambiranso, koma mawu anatuluka osokonekera. Anapepesanso. A Mawaya amati bambo anayesa kasanu ndi kawiri. Mbali imodzi ya kamwa inali itagwa, thupi linapendekera kumanja, ndipo dzanja litafuna kugwira tebulo linagwetsa tambula ya madzi ija. A Mawaya anadula mawu pa wailesi, n'kuika nyimbo, n'kuthamangira mkati. Koma makamera ankayendetsedwa kuchokera m'chipinda china, mmene panthawiyo munalibe munthu, choncho anapitiriza kuonetsa zonse kwa mphindi yathunthu ndi theka.

Madokotala anatiuza pambuyo pake kuti mtsempha wa m'mutu unatsekeka. Inali sitiroko. Koma a Mawaya asanafike nawo n'komwe kuchipatala, munthu wina amene sitikumudziwa mpaka lero anali atadula kale kachidutswa ka masekondi khumi ndi asanu ndi anayi. Anachotsa poyambira pamene bambo ankawerenga bwino, anachotsanso pamene a Mawaya ankawanyamula. Anasiya munthu wachikulire wopendekeka, tambula ikugwa, akunena mokoka lilime kuti tibwereze, tibwereze. Pamwamba analemba kuti wowerenga nkhani walowa mu situdiyo ataledzera. Masana omwewo, wina aliyense asanafunse kuchipatala, wailesi inalemba patsamba lake kuti ikupepesa chifukwa cha khalidwe losayenera la muulutsi wake, ndipo yamuimitsa ntchito pamene ikufufuza. Amene ankakayika anasiya kukayika.

Nonse mukudziwa zimene liwu limenelo linasanduka. M'malo omwera, munthu akafuna botolo lina ankakweza dzanja n'kupotoza kamwa kuti, "Tibwereze!" anzake n'kufa nazo kuseka. Ena analiika m'nyimbo yovina. Makondakitala ankaitanira nalo anthu. Ana a m'dera lathu ankaliimba podutsa kuseri kwa nyumba yathu, osadziwa kanthu. Mawu amene bambo ankalemekeza nawo womvera anakhala mawu oitanitsira mowa.

Ine ndinaonera kanemayo pamalo okwerera basi nditaweruka kusukulu, pafoni ya mnzanga, ndisanamve kuti bambo ali kuchipatala. Anzangawo sankadziwa kuti ndi bambo anga, chifukwa sindinkakonda kukamba za kwathu. Ankaseka mpaka kugwirana mapewa. Ine ndinaona kamwa ya bambo ndipo ndinadziwa kuti si mowa. Ndinangoti ndaiwala kope m'kalasi, n'kuchoka. Zimenezi bambo sindinawauze.

Malemu anakhala m'chipatala milungu isanu. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, ndipo mawu anawathawa, kupatula ochepa monga "eya", "ayi" ndi dzina la amayi. Koma nzeru zinali zonse. Tsiku lachitatu anakodola kuti tiwapatse pepala, ndipo ndi dzanja lamanzere analemba nambala 6 ndi chizindikiro cha funso. Tinasowa tanthauzo mpaka a Mawaya atabwera. Iwo anawauza kuti, "Inawerengedwa, achimwene, pa nkhani za wani koloko. Asanu ndi mmodzi." Bambo anatsinzina n'kugwedeza mutu.

Tinagwirizana kuti za kanema tisawauze. Koma tsiku lina, nthawi yoona odwala, bambo wina amene ankadwazika m'bale wake pabedi loyandikana anatsegula kanemayo mokweza kuti amusangalatse wodwala wake. Mawu a bambo anadzaza chipinda chonse, nyimbo ikugunda pansi pake. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma. Amayi anaimirira, ndipo mosakweza mawu anati, "Achimwene, munthu mukumusekayo ndi uyu wagona apayu. Ndi mwamuna wanga." Bambo uja anathimitsa foni, anatuluka, ndipo atabwerako anagwada pambali pa bedi. Iyeyo anapepesa. Koma anali mmodzi, ndipo kanemayo panthawiyo anali ataonedwa ndi anthu oposa chiwerengero chimene ine ndingathe kuchiganiza.

Pa 20 Meyi achimwene anapita kuwailesi ndi kalata ya dokotala. Kuimitsidwa ntchito kuja kunathetsedwa, ndipo zimene analemba patsamba zija anazifufuta mwakachetechete. Tisabise, akuwailesi anatithandizanso ndi galimoto yopitira ku mafizo, kokalimbitsa ziwalo. Chimene banja linapempha chinali chimodzi: kuti wailesi inene pa nkhani za masana, ndi patsamba lake, kuti muulutsi wake sanaledzere koma anadwala. Achimwene anabwererako mu Julayi ndi mu Okutobala. Ulendo womaliza abwana anawauza kuti, "Nkhaniyo inazizira kale. Tikaitchulanso tiidzutsa, ndipo ovutika mukhala inu nomwe." Mwina ananena ndi mtima wabwino. Achimwene atafotokoza kunyumba, bambo anakoka kope lawo n'kulemba mawu atatu: kufufuta si kukonza.

Kuyambira pamene anatuluka m'chipatala, tsiku lililonse nthawi ikamayandikira twelofu ankaloza wailesi. Tinkawakhazika pampando wa pazenera, ndipo ankamvetsera nkhani zonse, za masewero, za nyengo, mpaka nyimbo yotsekera. Ikatha ankadikirabe pang'ono, kenako n'kuloza kuti tithimitse. Poyamba tinkaganiza kuti akungoisowa ntchito yawo. Ndinazindikira mochedwa kuti ankadikira kuti mwina lero anena.

Mu Novembala anayamba kulemba okha zimene ankafuna kuti ziwerengedwe. Ine ndinkawagwirira kope kuti lisaterereke. Zinawatengera milungu itatu, chifukwa dzanja lamanzere linkatopa msanga, ndipo chilembo chikapindika ankang'amba tsambalo n'kuyambiranso. Atamaliza anandipempha ndi manja kuti ndiwerenge mokweza iwo akuyang'ana wotchi, ndipo pansi pake analemba kuti masekondi 20. Achimwene anakasiya tsambalo kuwailesi mu Disembala, ife n'kusunga lina. Yankho silinabwere.

Lachinayi pa 13 Febuluwale chaka chino, amayi akuwasambitsa m'mawa, sitiroko inabweranso. Tinathamangira nawo kuchipatala, koma ulendo uno sanatsegulenso maso. Anamwalira Lolemba pa 17 Febuluwale 2025, kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane leveni koloko m'mawa, amayi ndi azakhali ali pambali pawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi.

Malemu asiya mkazi wawo, amene akhala naye zaka makumi atatu ndi zitatu, ana atatu, adzukulu awiri ndi mchemwali wawo mmodzi.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira maulendo onse awiri, komanso mayi wa mafizo amene anawaphunzitsanso kugwira supuni. Tikuthokoza a Mawaya, amene anawanyamula m'manja tsiku lija ndipo sanadumphe Loweruka ngakhale limodzi osabwera kudzakhala nawo pakhonde. Tikuthokoza ometa tsitsi a pamsika amene ankabwera ndi makina awo kunyumba, ndi anansi amene ankatithandiza kuwakweza m'galimoto. Tikuthokoza mayi amene akuwerenga nkhani za masana panopa, amene ankabwera ndi mapepala awo kuti bambo awaikire timizere ndi pensulo. Masiku amenewo bambo ankadya bwino. Tikuthokoza omvera amene analemba makalata osakhulupirira zimene anaona. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe. Akuluakulu a kuwailesi, nkhata yanu ya maluwa tailandira.

Ndikuona mafoni angapo ali m'mwamba. Azakhali anafuna kuti tiletse kujambula pamwambo uno, koma amayi anati ayi, ajambule. Pempho la banja ndi ili: musadule. Ndipo ngati kanema uja anakupezani m'gulu lina lake pafoni yanu, kaya munaseka kaya simunaseke, sitikufunsani, koma izi mukaziponye m'gulu lomwelo. Tsamba lili m'manja mwangali ndi lolemba bambo, ndipo ndiliwerenga monga liliri.

"Pa 8 Meyi 2024 wailesi ino inanena kuti muulutsi wake anaonetsa khalidwe losayenera pa nkhani za masana. Zimenezo sizinali zoona. Muulutsiyo sanaledzere. Anagwidwa ndi sitiroko ali pantchito. Tikupepesa kwa mkazi wake, kwa ana ake ndi kwa omvera."

Dzina lawo sanaliike pa anthu oyenera kupepesedwa. Ndinawafunsa ngati aiwala, anapukusa mutu.

Bambo, zawerengedwa, ndipo anthu amva. Musadikirenso. Mzimu wanu uuse mumtendere.